Watera pa O.R. Tambo, nanga ku hotela ukafika bwanji?

Ndege ikangotera, mlendo amaona ngati ulendo watha. Pasipoti adinda, chikwama chatuluka, chitseko chatseguka. Koma bedi loti akagonepo likadali makilomita oposa 20 kumadzulo, chifukwa bwalo la O.R. Tambo silili mkati mwa Johannesburg, lili ku Kempton Park. Apa ndi pamene Amalawi ambiri obwera ku Joni koyamba amaima njii, maso uku ndi uku, wina atawayandikira kale n'kumati: "Takisi, bwana?"

Amene akudziwa malo sayankha. Amatsata zikwangwani, kukwera kumtunda mkati mwa nyumba yomweyo, mpaka pa siteshoni ya Gautrain. Sitimayi inayamba kuyenda pa 8 June 2010, kutangotsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa dziko lonse uyambe, ndipo njanji yoyamba kutsegulidwa inali yomweyi, yochoka pa bwalo la ndege kupita ku Sandton. Imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, moti ulendowo umatenga mphindi pafupifupi 15. Uli pa windo umaona magalimoto atathithikana mumsewu, iwe ukungodutsa. Ikapitirira Marlboro imalowa pansi pa nthaka, ndipo ukatuluka pa Sandton umapezeka pakati pa nyumba zosanja, mahotela ena ali pafupi poti n'kuyenda wapansi.

Mkatimo muli malamulo. Kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu n'koletsedwa, choncho mtedza wokazinga umene akupatsira kumudzi uyambe wadikira m'thumba. Polowera amafuna kadi, kaya ya Gautrain yogula pomwepo kaya ya kubanki yongogunditsa pa chipata, ndipo munthu aliyense amalowa ndi yake.

Mfundo ya kadi imeneyi ndi imene imasintha masamu onse. Mtengo wochoka pa bwalo la ndege ndi wokwera kuposa wa masiteshoni ena, ndipo umalipiridwa pamutu. Kwa munthu mmodzi wa kachikwama kamodzi, sitima ilibe mnzake. Koma banja la anthu anayi, kapena amayi a geni atatu oyenda limodzi, akawerengera bwino angapeze kuti galimoto imodzi ikuwatsikira mtengo, n'kukawatula pakhomo penipeni. Sitima sidziwa khomo la munthu. Wopita ku Rosebank kapena ku Park Station, kumene anthu athu ambiri amakudziwa chifukwa cha mabasi, ayenera kutsika pa Sandton n'kukwera ina, katundu ali m'manja. Ndiponso siyenda usiku wonse. Ndege ikachedwa n'kutera usiku kwambiri, chotsala ndi msewu basi.

Za msewuzo ndiye zofunika kuzilingalira usananyamuke kwanu. Pali matakisi ovomerezeka a pa bwalopo, pali Uber ndi Bolt zoitanira pa foni, palinso mahotela amene amatumiza galimoto yawo ukawadziwitsa nthawi yotera. Kuitana pa foni kumafuna intaneti ndi batire lamoyo, zinthu ziwiri zimene mlendo amazikumbukira mochedwa. Galimoto ikafika, nambala yake ndi nkhope ya dalaivala zifanane ndi zimene foni ikuonetsa. Pakati pa madalaivala a matakisi a mita ndi a pa foni pakhala pali chidani; mu 2017 magalimoto anatenthedwa ku Sandton pa mkangano womwewu. N'chifukwa chake dalaivala wa pa foni nthawi zina amakupempha kuti umupeze chapatali pang'ono ndi pamene paima a matakisi a mitawo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi munthu uja wokulandira chikwama usanamupemphe. Mwina ndi wolungama, wongofuna ya ufa ngati wina aliyense. Koma mlendo wotopa, wosadziwa kuti randi ikugula chiyani, sangathe kusiyanitsa, ndipo mtengo wokambirana galimoto ili kale pa msewu wa R24 sukhala wokomera wokwera.

Kwathu ku Chileka ndi ku Lumbadzi tinazolowera kupeza m'bale akudikira panja, makiyi ali m'manja. Ku Joni m'baleyo kawirikawiri amakhala ali ku ntchito, ndipo amangotumiza uthenga wa dzina la hotela ndi msewu wake. Uthengawo ulembedwenso pa pepala, pepalalo likhale m'thumba la malaya, foni ikadzazima pa Marlboro pakhale poyambira.