KUKONZA ZENERA LA KUMBUYO PA GALIMOTO YA DENGA LA NSARU

Pakati pa magalimoto ogwirapo kale nchito amene amalowa m'Zambia kucokera ku Japan ndi ku maiko ena, pamapezeka ena ang'ono a denga la nsaru, denga lopindika limene mwini wace amalitsitsira kumbuyo akafuna kuyenda pamphepo. Munthu wa pa mgodi amene wasunga ndarama zaka zingapo kuti agule galimoto yotere amakondwa nayo miyezi yonse ya cilimwe. Koma tsiku lina m'mwezi wa October, alikutsuka galimoto yace, aona kuti pa ngodya ina ya zenera la kumbuyo nsaru yalekana ndi galasi, ndipo cala cilikulowa pamenepo. Akayang'ana kumwamba, mitambo yayamba kale kusonkhana. Ku Kitwe ndi ku Ndola mvula ya caka cimodzi imapitirira mamilimita 1,000, ndipo pafupi yonse imagwa pakati pa November ndi April. Akuru anati walira mvula walira matope. Wogula denga la nsaru wagulanso mabvuto ace.

Kampata kameneka sikayenera kupeputsidwa. Madzi olowa pamenepo amatsikira kuseri kwa mipando nakhala pansi pa kapeti masiku ambiri, kufikira citsulo cicita dzimbiri ndi mawaya a magetsi ayamba kubvuta. Coopsa koposa ndi utsi. Galimoto ikamathamanga, mphepo ya kumbuyo kwace imazungulira nibwerera, ndipo ikhoza kukankhira utsi wa injini m'kati kupyolera pa mpatawo. Mu utsi umenewu muli mpweya wochedwa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi kupweteka kwa mutu ndi tulo. Anthu ogwira nchito pansi pa nthaka safuna kuuzidwa kawiri za mpweya woipa. Ndiponso galasi likalekana mbali zitatu likhoza kugwa pa msewu wa mabampu ndi kusweka, ndipo pamenepo nchito ya guluu wa mtengo wocepa yasanduka nchito yogula denga lonse.

Poyamba mwini galimoto adziwe mtundu wa zenera lace, pakuti mitundu iripo iwiri ndipo kakonzedwe kace nkosiyana. Magalimoto akale monga MGB, imene inapangidwa ku England kuyambira 1962 kufikira 1980, anali ndi zenera la pulasitiki yofewa yopindika pamodzi ndi nsaru. Mazda MX-5 yoyamba, ya 1989, imene ku Japan inagulitsidwa ndi dzina la Eunos Roadster, inali nalonso la pulasitiki, lokhala ndi zipi; koma mtundu wace waciwiri, wa 1998, unadza ndi galasi leni-leni lokhala ndi timizere ta magetsi tocotsa nkhungu. Magalimoto ambiri a zaka zotsatira ali ndi galasi lotere.

Galasi limeneli silisokeka ndipo siliboolereka. Linaumitsidwa ndi moto ku fakitale, kotero kuti munthu akayesa kuliboola limaphulika lonse kukhala tizidutswa ngati mcere wa miyala. Cifukwa cace opanga amalimata ku nsaru ndi makina otentha ndi opanikiza. Nanga cimene cimalekanitsa ziwirizi nciani? Nsaru ya denga imafupika pang'ono-pang'ono ndi dzuwa la zaka zambiri, koma galasi silifupika. Mphamvu yonse yokokana imagwera pa kamzere kaja ka guluu, ndipo nthawi iriyonse pamene denga litsitsidwa ndi kukwezedwa, kamzereko kapindika. Madzi ndi pfumbi zikangopeza polowera, zimamaliza nchito.

Asanagule kanthu, munthu wanzeru ayambe wayesa nsaru. Denga liri cotsekera, akoke nsaru ndi zala kuti aone ngati ifika pa malo ace akale, pamene cizindikiro ca guluu cioneka pa galasi. Ikafika mosabvuta ndi kuphimba galasi sentimita imodzi kapena kuposa, guluu adzagwira. Koma ikafuna kukokedwa ndi mphamvu, kapena ikang'ambika ngati pepala, kumata nkutaya ndarama cabe, popeza tsiku loyamba lotentha lidzamatula zonse. Pamenepo nchito ndi ya wosoka mipando ya magalimoto, amene akhoza kuonjezera cigamba ca nsaru kapena kuika denga latsopano.

Pa nkhani ya guluu mpamene ambiri amalakwa. Munthu amatenga cimene ciri pafupi, monga guluu wa nsapato, ndipo m'mawa aona ngati wagwira bwino. Koma guluu ameneyu amafewa ndi kutentha, ndipo denga lakuda loima pa dzuwa la masana limatentha kufikira dzanja silikhoza kukhalapo. Wina amatenga guluu uja wa m'kacubu wouma m'kamphindi. Ameneyu akauma amakhala ngati galasi, sapindika, amathetheka, ndipo amaumitsa nsaru kuti ithyoke. Woipa koposa onse ndi silikoni wa m'bafa. Inde amatseka madzi kwa masabata owerengeka, koma alibe mphamvu yonyamula galasi, ndipo amasiya mafuta ace m'nsaru kotero kuti guluu wabwino wodza pambuyo pace sagwiranso. Amene waikapo silikoni wadzibvutitsa kawiri.

Guluu woyenera ndi uja wakuda wochedwa polyurethane, amene amagwira naye nchito oika magalasi a kutsogolo a magalimoto. Mankhwala a mtundu umenewu anatulukiridwa ku Germany m'caka ca 1937 ndi Otto Bayer pamodzi ndi anzace. Ubwino wace ngwakuti akalimba amakhala ngati mphira, wogwira kolimba koma wopindika. Salimba ndi kuuma monga phala. Amalimba pomwa cinyezi ca mu mpweya, kuyambira kunja kunka m'kati, ndipo cifukwa cace m'nyengo youma kwambiri amacedwa. Amagulidwa pamodzi ndi kabotolo ka mankhwala akuda oyamba kupaka, ochedwa praima, amene amathandiza guluu kugwira galasi namchinjiriza ku dzuwa. Wosiya praima kuti apulumutse ndarama pang'ono adzabwereza nchito yonse. Guluuyu ali ndi mankhwala opweteka khungu ndi cifuwa, ndipo akamata pa zala sacoka msanga. Munthu abvale magolovesi, nagwire nchito pa mthunzi pamene mphepo ipita, osati m'garaja yotseka.

Kagwiridwe kace nkotere. Amasule zokowera za denga kutsogolo, nalikweze pang'ono kuti nsaru ya kumbuyo ikhale yolenda. Kumata nsaru iri cikokere ndiko kulephera nchito isanayambe. M'kati aunjike mitsamiro kapena mabulangeti opinda kufikira galasi litakhala pa malo ace losatsamira pa nsaru. Tsono ndi lezala watsopano apale guluu yense wakale pa galasi. Apa pafunika dzanja lofatsa, pakuti timizere ta magetsi tija ndi mawaya ace a m'mbali zimaduka msanga, ndipo lezala asayandikireko. Ku mbali ya nsaru acotse zotsalira ndi sandipepa, mosakhula kufikira ulusi. Apukute mbali zonse ziwiri ndi sipiriti woyera pa kansaru koyera, nadikire ziume. Parafini, dizilo ndi petulo zisakhudzepo, cifukwa zimasiya mafuta. Kutsuka kumeneku kumatha nthawi yambiri koposa kumata kumene, ndipo nkoyenera kutero.

Akatha kutsuka amate tepi ya pepala pa galasi ndi pa nsaru ya kunja, kusiya poyera pokha pofuna guluu, popeza dontho lakuda likalowa m'nsaru silicoka. Apake praima, naisiye iume monga mwa mau olembedwa pa botolo lace. Pamenepo afinye guluu mzere umodzi wosadukiza, wonenepa ngati pensulo, nagoneke nsaru pamwamba pace msanga, guluu asanacite khungu. Mpata ukakhala wautali, ndi bwino kumata mbali imodzi lero ndi ina mawa, m'malo mothamangira zonse pamodzi. Mnzace akhale m'kati kucirikiza galasi pamene iye alikupanikiza kunja.

Cobvuta ndi kugwira ziwirizi pamodzi kufikira guluu atalimba, pakuti pa galasi palibe pokowera. Alipo mapani opangidwira nchito yomweyi, okhala ndi kamphira koyamwa galasi ndi kadzanja kopanikiza nsaru. Kumene sapezeka, amisiri amaika maginito amphamvu awiri-awiri, wina kunja wina m'kati, kapena timatumba ta mcenga pamwamba pa kathabwa kopyapyala. Kupanikiza kukhale kofanana ponse, koma kosapitirira. Guluu yense akafinyidwira kunja sipatsala cogwira. Tepi icotsedwe guluu akali wofewa. Galimoto iime pa mthunzi maola 24 osakhudzidwa, ndipo denga lisatsekedwe kolimba kapena kupindidwa kufikira atapita masiku awiri kapena atatu. Wogwira nchito ya mashifiti acita bwino kusankha nthawi imene sadzafuna galimoto yace, cifukwa ambiri amaononga nchito yabwino pofulumira kupita nayo ku mgodi m'mawa mwace.

Zenera la pulasitiki nkhani yace ndi yaifupi. Kawiri-kawiri cimene cafa ndi ulusi, umene dzuwa laudya. Munthu acotse ulusi wakale, nasokenso ndi singano ziwiri monga asoka wokonza nsapato, kulowetsa m'mabowo omwe aja akale, pakuti mabowo atsopano oyandikana nao amang'amba pulasitiki ngati sitampa. Ulusi ukhale wa polyester wokhuthala, osati wa thonje umene umaola ndi mvula imodzi. Tinala ndi mankhwala ocotsera utoto zisafike pa pulasitiki, cifukwa zimaicititsa khungu losacoka. Ngati yasanduka kale yofiirira ndi yothetheka, wosoka aikepo ina.

Masiku atakwana, mwini galimoto atseke denga pang'ono-pang'ono, naimike mwana ndi ndowa ya madzi kunja, iye atakhala m'kati ndi tochi kuyang'ana m'mbali monse mwa zenera. Pakaoneka dontho, aumitsepo naonjezere guluu pang'ono. Ayang'anenso timabowo totulutsira madzi tokhala m'munsi mwa denga kuseri kwa mipando, timene timatsekeka ndi masamba ndi pfumbi la cilimwe. Titatsekeka, madzi adzadzaza m'galimoto ngakhale zenera litamatidwa bwino. Ndipo m'mamawa wa June ndi July, pamene pulasitiki ndi nsaru ziri zouma gwa ndi cisanu, denga lisapindidwe kufikira dzuwa litazifewetsa.