Ku Makwasa musamapemphe ndalama zokha

Mu Julaye 2023, ana a kalabu yathu ya Pathfinder ku Makwasa adagwirizana zokakonzera gogo wina nyumba yomwe denga lake lidagwa ndi namondwe Freddy mu Malichi. Ntchito yotolera thandizo adandipatsa ine. Ndidaponya nambala ya Mpamba pagulu la WhatsApp, n'kudikira. Sabata yathunthu foni ili zii.

Wolakwa ndidali ine. Mu Julaye tiyi saphuka kwenikweni, ndipo aganyu ambiri othyola masamba m'maesiteti amakhala ali pakhomo kudikira mvula. Munthu woti sakulandira, Mpamba wake autenga kuti?

Tidasintha nzeru. Anawo, atavala mipango yawo yachikasu, adayenda khomo ndi khomo kupempha katundu. Uyu mitengo ya bulugamu, uyu misomali yotsala, mayi wina mkoko wa nthochi womwe tidakagulitsa pafupi ndi chipatala cha Malamulo. Kalipentala adangoti, "Ndalama ndilibe ana inu, koma Lamulungu ndibwera ndi sowo."

Chilichonse cholandira tinkachijambula n'kuponya pagulu lomwe lija. Ataona zithunzizo, m'pamene abale a ku Johannesburg adayamba kutumiza ya malata.