Ulimi woyeza: njira yopindulira ndi chimanga ndi soya kwa Chamama

Aliyense amene wagula thumba la feteleza m'zaka zaposachedwazi akudziwa kuti nthawi yothira mongowaza ndi dzanja inapita. Kuno kwa Chamama mabanja ambiri amene kale ankadalira fodya yekha tsopano akuyang'ana kwa soya ndi chimanga kuti apeze chakudya ndi ndalama, koma zipangizo zakwera mtengo ndipo mvula siikupanganika. Pa chifukwa ichi tafuna tifotokoze njira imene pa Chingerezi amaitcha precision agriculture, imene ife tingaitche ulimi woyeza.

Mfundo yake ndi imodzi: kupatsa gawo lililonse la munda chimene likufuna, pa mlingo woyenera ndi pa nthawi yake, m'malo mongoyerekeza. Ku America ndi ku Brazil, kumene chimanga ndi soya zimalimidwa pa minda ikuluikulu, ntchitoyi imagwiridwa ndi mathirakitala oyendera GPS, amene amawonjezera kapena kuchepetsa feteleza malinga ndi nthaka ya pamalopo. Mlimi wa ekala ziwiri safunika makina otere. Chingwe, kapu yoyezera, kope ndi foni zikhoza kumugwirira ntchito yomweyo.

Choyamba ndi kudziwa kukula kwa munda. Ambiri timati tili ndi ekala chifukwa makolo anatiuza choncho. Ekala ndi gawo la 0.4 la hekitala, ndipo amene munda wake ndi wochepera apo amagula mbewu yoposa yofunika, pamene wa munda wokulirapo amamwaza feteleza wosakwanira n'kumadandaula kuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu. Foni yokhala ndi GPS imayeza munda munthu akangouzungulira m'malire.

Chachiwiri ndi nthaka. Munda umodzi sukhala wofanana ponseponse: kumtunda kuli mchenga, kufupi ndi dambo kuli dothi lakuda, pachulu pali chonde, kwina kwadzaza kaufiti. Tapani dothi m'malo khumi kapena kuposerapo pa gawo lililonse, mozama masentimita 20, mulisakanize, ndipo gawo lililonse likhale ndi kathumba kake. Malo ofufuzira za ulimi a Chitedze ndi bungwe la ARET amayeza nthaka, ndipo alangizi angathandize kalabu kutumiza dothi pamodzi. Nthaka ikakhala ya asidi wambiri, mbewu zimalephera kuyamwa bwino fosiforasi wa mu feteleza. Pamenepo chofunika ndi laimu ndi manyowa, osati thumba lina la feteleza.

Chachitatu ndi kabzalidwe, ndipo apa m'pamene pagona phindu lalikulu, pakuti m'mera m'poyamba. Kabzalidwe kakale, ka mizere yotalikirana masentimita 90 ndi mbewu zitatu paphando pa masentimita 90, kamapereka mbewu pafupifupi 37,000 pa hekitala, zitatuzitatu zikulimbirana chakudya ndi dzuwa. Kabzalidwe ka Sasakawa, ka mizere ya masentimita 75 ndi mbewu imodzi paphando pa masentimita 25, kamapereka mbewu zoposa 53,000, iliyonse ili ndi malo ake. Kusiyana kwake ndi mbewu 16,000 pa munda womwewo. Chingwe chomanga mfundo pa masentimita 25 alionse ndicho chida chonse chofunika.

Feteleza naye ayezedwe. Pa hekitala ya chimanga, mlingo umene alangizi amaphunzitsa kawirikawiri ndi matumba awiri a feteleza wokulitsa wa NPK ndi matumba atatu a Urea wobereketsa. Tikagawa, mbewu iliyonse iyenera kulandira pafupifupi magalamu awiri a woyamba ndi magalamu atatu a wachiwiri. Dzanja silingayeze zimenezi. Gwiritsani ntchito kapu imene mlangizi wakuonetsani, boolani kadzenje pambali pa mbewu, thirani ndi kukwirira. Urea wosiyidwa pamtunda amauluka ndi dzuwa kapena kukokoloka ndi madzi. Wokulitsa athiridwe pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo wobereketsa atsatire patatha masabata atatu kapena anayi, nthaka ili yonyowa.

Soya ali ndi malamulo ake. Pa mzere umodzi bzalani mizera iwiri, mbewu imodzi pa masentimita asanu alionse. Soya wothithikana chotere amaphimba nthaka msanga, udzu n'kulephera kukula. Mbewu monga Tikolore, Makwacha ndi Nasoko zisakanizidwe ndi inokulanti pamthunzi ndi kubzalidwa tsiku lomwelo, chifukwa tizilombo ta mu inokulanti, timene timathandiza mizu kupanga nayitirojeni, timafa ndi dzuwa. Pamene panali soya chaka chino pabwere chimanga chaka chamawa. Kasinthasintha wotere amabwezera chonde ndi kufooketsa kaufiti.

Kuyeza sikuthera pa kubzala. Kuyambira pamene mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano zinalowa m'dziko muno mu nyengo ya 2016/17, alimi ambiri ataya ndalama popopera mankhwala mochedwa, mbozi zitakula kale. Sabata iliyonse yendani m'munda mokhotakhota, imani malo asanu, ndipo pa malo alionse yang'anani mumtima mwa mbewu khumi. Mbozi ikadali yaing'ono siivuta kugonjetsa. Chimodzimodzi ndi chiwawu cha soya, chimene chinawononga minda yambiri mu nyengo ya 2022/23: chimayambira kunsi kwa masamba a m'munsi, ndipo amachiona msanga ndi amene amawerama n'kutembenuza tsamba.

Zipangizo zamakono sizili kutali ndi ife. Mu June 2017 boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu malo oyeserera tindege topanda woyendetsa, ndipo tindege ta mtundu umenewu timatha kujambula munda n'kuonetsa pamene mbewu zafooka. Nthambi yoona za nyengo imatulutsa ulosi wa mvula wa boma lililonse dzinja lisanayambe, ndipo ulosiwu umathandiza kusankha pakati pa mbewu yocha msanga ndi yochedwa. Komabe chithunzi kapena uthenga wa pafoni zimathandiza mlimi amene akudziwa kale munda wake.

N'chifukwa chake chida chomaliza ndi kope. Lembani tsiku lobzala, mtundu wa mbewu, feteleza, ndalama za aganyu ndi matumba amene gawo lililonse latulutsa. Pogulitsa, yerekezani zimenezi ndi mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza chaka ndi chaka, ndipo gulitsani pagulu, pa sikelo yovomerezeka. Matumba ambiri si phindu ngati analowa ndalama zoposa zimene abweretsa.

Amene akukayika asasinthe munda wonse. Patulani mizere khumi chaka chino, muitsatire mwa njira iyi, ndipo pokolola muyeze zokolola zake padera. Alangizi a ku EPA ya Chamama ndi alimi otsogola a m'midzi mwanu alipo kuti akuthandizeni kumanga chingwe, kutapa dothi ndi kusankha kapu yoyenera mvula isanagwe.