Wotchi ya pa dashibodi ikamaiwala nthawi, musaipeputse

Ambiri timaiona wotchi ya pa dashibodi ngati chokongoletsera chabe. Koma kwa ife okhala kumudzi, komwe makaniko ali kutali ndipo galimoto imodzi ndi imene imatengera odwala kuchipatala usiku, kawotchika ndi mlonda. Nthawi zambiri kamaulula vuto la magetsi galimoto isanatikanike panjira.

Wotchiyi imalandira moto kudzera mu mawaya awiri. Wina amachokera ku batire ndipo amakhala ndi moto usana ndi usiku kuti wotchi isaiwale nthawi. Winayo amalandira moto mukapotokola kiyi, kuti manambala awale. Choncho ngati wotchi ikuwala bwinobwino koma ikuyambiranso pa 12:00 kapena 1:00 mukaliza galimoto, dziwani kuti moto wa waya woyambayo ukuduka.

Ine ndimayambira pa mitu ya batire. Misewu yathu ya mabampu imamasula mabawuti, ndipo ufa woyera kapena wobiriwira umene umaunjikana pamenepo umatchinga moto. Tsukani ndi madzi osakaniza ndi soda, pukutani, n'kumanga zolimba. Pomasula yambani ndi waya wa chizindikiro cha (-), ndipo pobwezera mumalizire yemweyo.

Kenaka yezani batire ndi mita yoyezera magetsi, ngati imene timaphunzitsira ana kusukulu. Batire yabwino imaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikamalira. Ngati injini ikulira koma nambala sikukwera, altaneta sikutchaja. Ikamatsika kwambiri kupitirira 10 pa nthawi yoliza, batire yatopa, ndipo n'chifukwa chake wotchi imaiwala.

Batire ikakhala bwino, onani mafyuzi. Pa Toyota zambiri, wotchi imagwiritsa fyuzi imodzi ndi getsi la m'kati, yolembedwa DOME. Zonse ziwiri zikafa pamodzi, kayikirani imeneyo. Ikani fyuzi ya nambala yofanana ndi yakaleyo. Chonde, musalumikize ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi imapsa pofuna kuteteza mawaya, ndipo kuidumpha n'kuitana moto. Ikapsanso, ndiye kuti penapake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Apo pakufunika katswiri.

Ngati vuto linayamba mutaikitsa wailesi yatsopano, funsani woikayo. Pa mawailesi ogula padera, waya wachikasu ndi wa moto wosaduka, wofiira ndi wa kiyi. Akasinthanitsidwa, wotchi ya wailesi imaiwala nthawi tsiku lililonse.

Pomaliza, galimoto zina zochokera ku Japan zili ndi sikirini imene imatenga nthawi ku setilaiti. Ikamatsogola ndi maola 7, sinawonongeke: ikungoonetsa nthawi ya ku Japan, choncho musataye ndalama kwa makaniko. Koma zizindikiro zinazo zifufuzeni masana muli pakhomo, chifukwa batire sisankha nthawi yofera.