Phiri la Domwe likudikira alendo, koma odziwa mbiri yake akutha

Mwezi wa Okutobala ukafika, mzinda wa Tete umasanduka ng'anjo. Kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo ngakhale usiku anthu amagona panja kufuna kamphepo kochokera ku mtsinje wa Zambezi. Koma pa mtunda wa makilomita oposa 200 kumpoto kwa mzindawu, m'boma la Angonia, munthu amafundabe bulangeti mbandakucha. Kusiyana kumeneku ndi chuma chimene anthu a m'midzi ya kuno ali nacho, ngakhale kuti ambiri sachiwerengera.

Masiku ano anthu apantchito m'matauni ali ndi chizolowezi chochoka pakhomo Lachisanu madzulo n'kukabwera Lamulungu. Pa masiku awiri okhawo amafuna kuona tauni yachilendo, kucheza m'mudzi wosunga miyambo ya makolo ndiponso kukwera phiri. Zitatu zonsezi zilipo ku Angonia, ndipo zili moyandikana. Funso ndi lakuti kodi mlendo wotereyu akafika, adzapeza womulandira ndi womufotokozera, kapena adzangodutsa ndi ndalama zake m'thumba n'kukazisiya kutsidya kwa malire?

Ulendo uyambira pa Vila

Wochokera ku Tete amaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kapena pa mlatho watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa m'chaka cha 2014. Akadutsa migodi ya malasha ya ku Moatize amatsata msewu wa ku Zobue mpaka pa mphambano ya Mussacama, pomwe amakhotera kumanzere n'kuyamba kukwera zitunda. Milambe imatsala m'mbuyo, mphepo imayamba kuzizira, ndipo m'mbali mwa msewu mumayamba kuoneka milu ya mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi nyemba.

Tauni ya Ulongwe, imene anthu amangoti pa Vila, ndilo likulu la boma la Angonia. Nthawi ya Apwitikizi inkatchedwa Vila Coutinho, ndipo m'chaka cha 2008 inapatsidwa khonsolo yakeyake. Pali malo ogona alendo, msika waukulu, ndiponso sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya Zambeze. Mlendo amene wadzuka m'mawa Loweruka n'kuzungulira mumsika amamva Chichewa ndi Chipwitikizi zikusakanikirana pamalonda amodzi, ndipo apo pokha amazindikira kuti wafika dera limene malire analidula pakati, koma anthu ake ndi amodzi.

Malirewo analembedwa m'chaka cha 1891 pamene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana zogawana dziko potsata mitunda yolekanitsa madzi opita ku nyanja ya Malawi ndi opita ku Zambezi. Eni nthaka sanafunsidwe. N'chifukwa chake mpaka lero msewu waukulu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda m'malire enieniwo, ndipo pa msika wa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi n'kukamwa thobwa ku Mozambique atangooloka msewu.

Mishoni ndi midzi

Kuchoka pa Vila, malo oyamba amene mlendo wofuna mbiri angafike ndi mishoni ya Lifidzi, imene ansembe a chipani cha Ajezuwiti anakhazikitsa zaka zoposa 100 zapitazo. Anthu ambiri a m'dera lino amene anaphunzira kulemba ndi kuwerenga nthawi ya atsamunda anadzera pamenepa, kapena pa mishoni ya Fonte Boa, imene tsopano ili m'boma la Tsangano.

Pafupi ndi Lifidzi pali malo otchedwa Chapotera, amene ali ndi mbiri yomvetsa chisoni. Pa 30 Okutobala 1985, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, ansembe awiri, bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dera lomwelino, ndi bambo Sílvio Moreira ochokera ku Portugal, anatengedwa usiku n'kuphedwa. Akhristu amapita pamalopa kukapemphera ndi kuwakumbukira. Nkhondo imeneyi ndi yomwe inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angonia anakhala zaka zingapo m'maboma a Dedza ndi Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mwana wobadwa pambuyo pa chaka chimenecho amangomva kuti makolo ake anali othawa kwawo, koma njira imene anadzera ndi mapanga amene anabisalamo sadziwa.

M'midzi yozungulira muli chuma china chimene dziko lonse lapansi linachivomereza. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chimodzi mwa zinthu zamtengo wapatali za mtundu wa anthu. Gule ameneyu amatuluka pamaliro, pa ziliza, polonga ufumu ndi pa chinamwali, makamaka anthu akatha kukolola. Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa a maiko atatuwa amakakumana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo a ku Tete sasowako.

Komabe apa mpofunika kusamala. Gule si sewero lakuti aliyense wokhala ndi ndalama aitanitse nthawi imene wafuna. Mlendo akhoza kuonera pabwalo ngati amfumu alola, koma kudambwe safikako, ndipo kujambula zithunzi popanda kupempha ndi mlandu. Mudzi umene ukufuna kulandira alendo uyenera kuyamba wakhala pansi, amfumu, akuluakulu a mzinda ndi anamkungwi, n'kugwirizana zimene zingaonetsedwe ndi zimene sizingaonetsedwe. Pali zambiri zosabisika zimene munthu wa m'tauni angakondwe nazo: chimtali, ngoma ya Angoni ndi zishango zake, kuumba mbiya, kuluka nkhokwe ndi malichero, kusinja pamtondo, ndi nsima ya mgaiwa ya nkhwani wotendera.

Phiri la mafumu

Lamulungu m'mamawa ndi nthawi ya phiri. Domwe ndi lotalika pafupifupi mamita 2,100 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo ndi limodzi mwa mapiri aatali m'chigawo chonse cha Tete. Dzina lake ndi limene linaperekedwanso ku dera lachiwiri la boma la Angonia, poti bomali lili ndi madera awiri, la Ulongwe ndi la Domwe. Kukacha bwino wokwera pamwamba amaona minda, madambo ndi midzi itayalana ngati mphasa, ndipo chakum'mawa kuli mapiri a ku Dedza.

Koma Domwe si miyala ndi udzu chabe. Angoni a kwa Maseko atachoka kumwera kwa Africa ndi kuoloka Zambezi, anafika m'dera limeneli. Pansi pa mfumu Mputa anapitirira mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo cha m'ma 1870 anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika kufupi ndi phirili. Pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikuse. Mwana wake, Gomani woyamba, anaphedwa ndi asilikali a Angerezi m'chaka cha 1896 chifukwa chokana kugonjera. Dzina lakuti Angonia linachokera kwa anthu amenewa. Lero banja la Gomani lili ku Ntcheu, kumene Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pa mwambo wa Umhlangano, pamene mbali ya Mozambique dzina lodziwika ndi la Zintambira. Choncho kwa Mngoni wa ku Ntcheu, wa ku Blantyre kapena wa ku Joni, kufika ku Domwe ndi kufika pakhomo pa makolo.

Wofuna kukwera phirili ayambe waonekera kwa amfumu a mudzi wa m'tsinde ndi kupempha munthu wodziwa njira. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira koopsa ndipo nkhungu imatha kutseka njira mwadzidzidzi, choncho juzi ndi lofunika. Nthawi ya dzinja miyala imaterera ndipo ziphaliwali zimavuta pamwamba. Anyamuke dzuwa lisanatuluke, atenge madzi ndi kamba, avale nsapato zolimba, ndipo asakoleze moto kapena kutaya chotsalira cha fodya paudzu. Za mabomba okwirira pansi amene anaopseza anthu nkhondo itatha, boma la Mozambique linalengeza m'chaka cha 2015 kuti malo onse odziwika anayeretsedwa. Ngakhale zili choncho, chitsulo chachilendo chopezeka patchire sachigwira, amakanena kupolisi.

Anzathu a kutsidya anayamba kale

Mlendo amene sapeza womulandira mbali ino savutika, amangopitirira mpaka pa chipata cha Calomue n'kulowa m'tauni ya Dedza. Kumeneko amapeza phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200, ndi malo otchuka oumba mbale ndi makapu a Dedza Pottery. Pafupi pomwepo pali mapiri a Chongoni, amene ali ndi malo 127 a zojambula zakale za pamiyala. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama amene Achewa anawapeza, pamene zoyera zinajambulidwa ndi Achewa eniake pa miyambo ya chinamwali ndi ya nyau. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse m'chaka cha 2006, ndipo alendo amafika pa Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Kutsika phiri kulowera kunyanja kuli mishoni ya Mua, imene inayamba m'chaka cha 1902. Kumeneko bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, ndipo nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare ikufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Osema ziboliboli ndi ovina a m'midzi yozungulira akhala akupezapo kangachepe kwa zaka zambiri.

Chodabwitsa ndi chakuti zimene alendo amakaona ku Mua ndi ku Chongoni ndi miyambo yomweyo ya anthu a ku Lifidzi, ku Domwe ndi ku Tsangano. Kusiyana kwake ndi kwakuti kutsidyako wina anakhala pansi ndi okalamba, nalemba, nasunga. Mbali ino zambiri zikadali m'mitu mwa agogo, ndipo maliro alionse a munthu wamkulu amapita ndi nkhani zimene palibe anazilemba.

Nalonso phiri likusintha. Mitengo ikutha chifukwa cha nkhuni, makala, kuotcha njerwa ndi milimo ya zigafa za fodya, ndipo chilimwe chilichonse moto wa osaka mbewa umanyambita zitunda. Phiri lopanda mitengo silikopa mlendo, komanso akasupe ake akauma oyamba kulira ndi alimi a m'madimba amene amadalira madziwo pa mbatata ndi kabichi.

Chimene mudzi ungachite

Zoyambira sizifuna ndalama zambiri kapena kudikira bungwe lochokera kunja. Mudzi wa m'tsinde mwa phiri ungathe kusankha anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu odziwa Chichewa ndi Chipwitikizi kuti azitsogolera alendo, ndipo iwowa ayambe akhala kumapazi a okalamba kuphunzira maina a mitsinje, mapanga, mitengo ya mankhwala ndi mabwinja a midzi yakale. Mtengo wotsogolera mlendo ugwirizanidwe poyera pamaso pa amfumu, kuti wa lero asalipire zina ndi wa mawa zina, ndiponso kuti gawo lina lizilowa m'thumba la mudzi lokonzera mjigo kapena denga la sukulu. Chimbudzi chaukhondo, madzi owiritsa, ndi nyumba imodzi yosesedwa bwino n'zokwanira kuti munthu agone. Amayi ophika, a njinga zamoto, a chapa ndi ogulitsa mapichesi onse angapezepo phindu. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho masiku awiri amene ali pamudzi ndi amene adzanene kwa anzake akabwerera ku Tete.

Koma alendo oyamba a phiri la Domwe asakhale a ku Tete kapena a ku Lilongwe okha. Pali ana ambiri a sukulu za ku Angonia amene amaliona phirili tsiku ndi tsiku popita kumunda, koma sanalikwerepo, ndipo dzina la Chidyaonga sanalimvepo. Mphunzitsi mmodzi, gogo mmodzi woti akadali ndi mphamvu m'miyendo, ndi ana a kalasi imodzi angathe kunyamuka Loweruka m'mawa ndi mbatata yophika m'thumba, n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Ulendo wotere sufuna pasipoti kapena mafuta a galimoto. Chimene ukufuna ndi chakuti uchitike agogowo akadali moyo.