Moto wopanda utsi m'thumba la chimanga

Mwezi wa October, dzuwa la ku Nyimba likafika poswa mtengo, pisani dzanja m'thumba la chimanga chomwe munaika kuseri kwa chitseko. Ngati m'katimo muli motentha, dzanja n'kutuluka lili mbuu ngati mwachokera kuchigayo, dziwani kuti m'thumbamo mukuyaka moto. Ulibe malawi, ulibe utsi, koma ukudya nsima ya ana anu usana ndi usiku.

Taganizani za mbaula. Malasha paokha sayaka, amafuna mpweya. Mukakupiza amakolera, mukavundikira ndi mphika amazima. Pafupifupi chamoyo chilichonse chimachita zofanana ndi mbaulayo, kungoti pang'onopang'ono: chimatentha chakudya m'thupi mwake ndi mpweya, n'kutulutsa kutentha ndi chinyezi. Nankafumbwe amatero, chuku chimatero, ngakhale njere ya chimanga imene, popeza ndi yamoyo, imapuma. Kutentha komwe dzanja lanu lamva ndi kwa timbaula tambirimbiri toyakira pamodzi.

Nankafumbwe wamkazi amaboola njere, n'kuikira dzira m'kati, n'kumata pabowo kuti pasaoneke. Mphutsi imakulira momwemo ikudya, ndipo nyengo yotentha pakangotha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi imatuluka itakhwima, yokonzeka kuikira mazira akenso. N'chifukwa chake chimanga chooneka bwinobwino pokolola chimatha kufumbwa chili m'thumba lomanga: mdaniyo munabwera naye kuchokera kumunda. Palinso mnzake woopsa kuposa iye, kachirombo koboola kochokera ku Central America, komwe kanaoneka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kulowa m'Zambia m'ma 1990. Aka kamaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo kamasandutsa chimanga fumbi lokhalokha.

Tsono moto umazimitsidwa bwanji? Njira yoyamba ndi ya mphika uja, kuumana mpweya. Matumba a PICS, omwe anawakonza akatswiri a pa Purdue University ku America poyambira pa kusunga nyemba za khobwe ku Cameroon, amagwira ntchito motero. Ali ndi mapulasitiki awiri okhuthala m'kati ndi saka wamba kunja, ndipo lililonse limamangidwa palokha. Mumpweya womwe timapuma, magawo 21 pa 100 ndi okosijeni. Thumba likamangidwa, anankafumbwe ndi njere amapuma okosijeniyo mpaka kutsala wochepa kwambiri, kenako tizilomboto timaleka kudya, timaleka kuswana, n'kufa. Palibe mankhwala omwe mwathira. Tizilomboto tadzizimitsa tokha ngati malasha ovundikiridwa.

Koma mbaula yovundikira ndi mphika wobooka siizima. Ndinazionera ndekha kwathu chaka cha 2024, chaka chomwe chilala chinaumitsa minda mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 February kuti dziko lagwa m'tsoka. Meda iliyonse ya chimanga inali ngati golide. Tinamanga matumba awiri n'kuwatsamiritsa kukhoma. Khoswe anadutsa usiku n'kung'amba pakona la limodzi, kabowo koti chala chaching'ono sichingalowe. Titamasula patatha miyezi itatu, thumba losabooka linali ndi chimanga chowala ngati chokolola dzulo, pomwe linalo linali kuyenda ndi tizilombo. Mtima unandipweteka kwambiri, pakuti chinali chakudya cha mwezi wathunthu. Kuyambira pamenepo matumba timawasanjika pamatabwa, kutali ndi khoma, ndipo pozungulira pake timasesa kuti khoswe asowe pobisala.

Njira yachiwiri ndi kuumana madzi, ndipo apa mbaula ikusiyana ndi chamoyo. Madzi amazimitsa malasha, koma moto wa chuku ndiye amaukoleza. Ambuya anga a ku Petauke ankazidziwa izi osalowa m'kalasi. Masamba a maungu, a khobwe ndi a nyemba akachuluka m'dimba, ankathyola ambiri, n'kuwaviika m'madzi obwadamuka kanthawi kochepa, kenako n'kuyanika pamphasa. Kufutsa kumeneku kumaimitsa zinthu za m'tsamba zomwe zimapitiriza kulifooketsa ndi kulichotsa mtundu ngakhale lathyoledwa kale. Dzuwa limamaliza ntchito pochotsa madzi. Mfutso ukauma ankaukulunga m'masamba a msuku, n'kumanga ndi luzi kukhala chikwatu, n'kuchipachika kudenga la khitchini komwe utsi umafika. Chikwatu chimapuma, kachinyezi kotsala kamatulukira m'mipata ya masamba.

Tsiku lina ndili mtsikana ndinaona ngati chidebe cha pulasitiki cha chivindikiro cholimba chingasunge bwino kuposa masamba a msuku. Ndinatsanuliramo mfutso womwe unali usanaumitsitse n'kutseka. Patatha milungu iwiri ndinapeza ubweya wotuwa pamwamba ndi fungo la chinthu chovunda. Ambuya sanakalipe. Anatapa mfutso wawo m'chikwatu, n'kuufinya pafupi ndi khutu langa.

"Wamva, mdzukulu wanga? Ukapanda kulira chonchi, usautsekere."

Lamulo lomwelo ndi la chimanga. Chisanalowe m'thumba lotseka, chinyezi chake chisapitirire magawo 13 pa 100. Wopanda makina oyezera atenge botolo lagalasi louma, athiremo njere ndi mchere wouma, akhutchumule, n'kudikira pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Pa nsawawa ndiye ndimaumirira kwambiri, popeza Petauke ndi kwawo kwa nsawawa, Chalimbana ndi mitundu ina. Ambiri amawaza madzi pamakoko kuti afewe poswa, kenako n'kulonga m'matumba zisanaumenso. Kumeneko n'kukupiza mbaula ya chuku cha Aspergillus flavus, chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Nsinjiro za nsawawa zachuku zimathera m'phala la mwana. Kuli bwino zala zipweteke poswa makoko ouma.

Chodabwitsa n'chakuti kutsekera komweko kumathandiza pa nthochi, zomwe amayi a ku Nyimba amagulitsa m'mbali mwa Great East Road basi ikaima. Nthochi ikayamba kupsa imatulutsa mpweya wa ethylene, womwe umauza zinzake kuti nazonso zipse. Mukavundikira mkoko ndi masamba kapena masaka, mpweyawo suthawa, ndipo zonse zimapsera pamodzi. Apa moto timaufuna, kungoti tiziuyang'anira. Mukaiwala tsiku limodzi kapena awiri nyengo yotentha, mupeza zafewa, makoko ada, timantchentche tili ng'waa. Mukaziika poyera kuti zipitidwe mphepo, apusi a m'mitengo ya kumtsinje sachedwa kumva fungo. Mlamu wanga anasiya mkoko pakhonde n'kupita kumjigo ndi ndowa imodzi yokha. Pobwera anapeza makoko ali mbwee pabwalo, pusi wamkulu ali padenga la nkhokwe, nthochi ina kukamwa, ina m'khwapa.