Nyumba ya pa puloti yaikulu: muone chiyani musanapereke ndalama?

Funso: Nyumba ndaikonda, bwalo lake ndi lalikulu. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambirani pa malo, nyumbayo muione pambuyo. Khoma long'aluka amakonza ndi mmisiri, koma malire olakwika amathera kubwalo la milandu. Mu Lilongwe, ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi mbali zina za Area 25 mapuloti ambiri anachita kudulidwa, ndipo kaundula wake amapezeka ku khonsolo ya mzinda kapena ku Malawi Housing Corporation. Ku Chinsapo ndi ku Mgona anthu ambiri anangokhazikika, umboni wawo ndi kalata ya amfumu. Kalatayo si yachabe ayi, koma banki siilandira ngati chikole, ndipo kawirikawiri sinena kuti malowo ndi mamita angati.

Funso: Koma mpanda ulipo kale. Si malire amenewo?

Yankho: Mpanda umaonetsa pamene womangayo anafuna kuti malo ake athere. Funsani mabikoni, timiyala ta simenti tija ta m'makona. Ngati sakuoneka, itanani woyeza malo wovomerezeka ayerekeze ndi mapu. Mapuloti ena anakula chifukwa eni ake anadyako msewu, ngalande kapena kunsi kwa mawaya a ESCOM, ndipo tsiku logwetsa mpandawo wolira ndi inu. Aitaneninso oyandikana nawo, aliyense aloze malire ndi chala chake inu mukuona. Dobadoba sakonda zimenezi, ndiye chifukwa chake muyenera kuzichita.

Funso: Malo aakulu si phindu nthawi zonse?

Yankho: M'dera lothithikana, pomwe anthu amamanga ngakhale pokhomera chingwe choyanikira zovala, malo akatsala opanda nyumba pali chifukwa. Nthawi zambiri ndi madzi. Mu Disembala 2017 madzi osefukira anagwetsa nyumba ku Kawale ndi ku Biwi, ndipo ovutika kwambiri anali a m'mbali mwa mitsinje. Puloti yooneka bwino mu Okutobala mukaionenso mu Januwale. Ngati simungadikire, yang'anani m'munsi mwa khoma: pulasitala woyoyoka ndi ndere zobiriwira zimaulula pamene madzi amafika.

Yendaninso kuseri. Pakona pomwe nthochi zakondwa kuposa pena ponse, kapena pomwe dothi latitimira, mwina panali chimbudzi chokumba chomwe anakwirira. Puloti yomwe yasunga alendi zaka zambiri imakhala ndi maenje otere angapo, ndipo maziko pamenepo sagwira msanga.

Funso: Nanga nyumba yeniyeniyo?

Yankho: Palani pulasitala pang'ono muone ngati mkati muli njerwa zootcha kapena zidina. Gogodani mitengo ya denga, chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu.

Funso: Wogulitsa akuti malowo anawasiyira malemu bambo awo. Pali vuto?

Yankho: Apa ndiye ambiri amagwa. Ngati malemu sanasiye wilo, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limapatsa gawo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana onse, choncho mwana mmodzi sangagulitse yekha. Afunseni chikalata chowapatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo abale enawo asayine. Fufuzaninso ngongole za madzi ku Lilongwe Water Board ndi msonkho wa kukhonsolo, poti zimenezi zimatsalira pa puloti. Ndalama yomaliza muipereke dzina likasinthidwa m'kaundula.